Akhristu amene amaphunzitsa ana awo pakhomo: chimene chimawachotsa kusukulu ku America

Kwa ife amene tinakulira m'dziko limene sukulu inabwera ndi mishoni, nkhaniyi imadabwitsa poyamba. Ku Livingstonia, ku Blantyre, ku Likoma ndi ku Nkhoma, belu loitanira anthu kutchalitchi ndi lomwe linkaitaniranso ana m'kalasi, ndipo mpaka lero pa asembule ana amaimba nyimbo ndi kupemphera popanda wina kuonapo chachilendo. Tsono munthu akamva kuti ku America kuli mabanja ambirimbiri achikhristu amene satumiza ana awo kusukulu, namati akutero chifukwa cha Mulungu, amayamba waganiza kuti mwina ndi kagulu kampatuko kodana ndi maphunziro. Sichoncho ayi. Ambiri mwa makolowa ndi anthu ophunzira, m'nyumba mwawo mabuku ali mbwee, ndipo ana awo ambiri amafika ku yunivesite. Chimene iwo akukana ndi chakuti munthu wina, makamaka boma, ndiye aziumba mtima ndi nzeru za mwana wawo tsiku lonse.

Mukawafunsa chifukwa, ambiri amatsegula Deuteronomo 6:6-7, pamene Mose akuuza Aisraeli kuti mawu a Mulungu akhale pamtima pawo, ndipo awaphunzitse kwa ana awo pokhala pansi m'nyumba, poyenda panjira, pogona ndi podzuka. Amatchulanso Aefeso 6:4, pamene Paulo akulamula atate kuti alere ana m'chilangizo cha Ambuye, ndi Salimo 127 limene limati ana ndi cholowa chochokera kwa Yehova. Maganizo awo amayenda chonchi: lamuloli linaperekedwa kwa kholo. Silinaperekedwe kwa mfumu, ngakhale kwa wansembe. Pa tsiku lomaliza, amene adzafunsidwe za mwanayo ndi bambo ndi mayi ake. Nanga munthu angapereke bwanji kwa alendo ntchito imene adzayankhire yekha?

Apa amawerengera maola. Mwana wa ku America amakhala kusukulu maola 6 kapena 7 patsiku, masiku pafupifupi 180 pachaka, kwa zaka 13. Amenewo ndi maola oposa 14,000. Sande sukulu ya ola limodzi pamlungu pa zaka zomwezo sikwana ndi maola 700 omwe. Kholo lotere limafunsa kuti, pakati pa awiriwa, amene akulera mwanayu kwenikweni ndani?

Pali mfundo ina yozama kuposa iyi, ndipo ndi imene imasiyanitsa makolowa ndi Akhristu anzawo. Iwo amati palibe maphunziro amene alibe mbali. Sukulu ikamaphunzitsa mbiri ya anthu, sayansi, za thupi ndi za makhalidwe kwa zaka 13 osatchula Mulungu, siinangokhala chete. Yaphunzitsa mwanayo kuti zinthu zonsezi zikhoza kumveka bwino popanda Mulungu, ndi kuti chikhulupiriro ndi nkhani ya Lamlungu m'mawa basi. Buku la Miyambo limati kuopa Yehova ndiko chiyambi cha nzeru, ndipo iwo amatenga mawuwa momwe alili: ngati ndi chiyambi, ndiye kuti masamu ndi jogalafe ziyambire pomwepo. Munthu amene anafalitsa kwambiri maganizo amenewa ndi R. J. Rushdoony, m'busa wa Presbyterian wochokera m'banja la ku Armenia, amene mu 1963 analemba kuti sukulu za boma zasanduka ngati chipembedzo cholonjeza kupulumutsa anthu kudzera m'maphunziro. Pambuyo pake ankayenda m'makhoti kukachitira umboni makolo ozengedwa milandu. Ziphunzitso zake zina, monga zoti malamulo a Chipangano Chakale alamulire dziko, Akhristu ambiri ophunzitsa ana pakhomo sazivomereza, koma mfundo yake yokhudza sukulu inalowerera ngakhale mwa anthu amene dzina lake sanalimvepo.

Momwe sukulu ndi mpingo zinasiyanirana

Kuti timvetse mkwiyo wa makolowa, tiyenera kudziwa kuti sukulu ya ku America nayonso inabadwira mumpingo. Mu 1647 boma la Massachusetts linalamula kuti mudzi uliwonse wa mabanja 50 ulembe mphunzitsi, ndipo chifukwa chake chinalembedwa m'lamulo momwemo: Satana amafuna kuti anthu asadziwe Malemba, choncho ana adziwe kuwerenga. Lamulo lokakamiza ana kupita kusukulu linayambanso ku Massachusetts komweko mu 1852, ndipo pofika 1918 zigawo zonse zinali nalo. Sukulu za bomazo zinali ndi fungo la Chiprotestanti, moti ankawerenga Baibulo la King James m'mawa uliwonse. Amene zinkawapweteka nthawi imeneyo anali Akatolika, ndipo mabishopu awo atakumana ku Baltimore mu 1884 analamula kuti parishi iliyonse imange sukulu yake.

Mu 1922 chigawo cha Oregon chinakhazikitsa lamulo loti mwana aliyense azipita kusukulu ya boma yokha, ndipo gulu la Ku Klux Klan linali pambuyo pa lamuloli pofuna kutseka sukulu za Akatolika. Masisitere anakasuma, ndipo mu 1925 khoti lalikulu la dzikolo linagamula mowakomera pa mlandu wa Pierce. Oweruza ananena kuti mwana si cholengedwa cha boma, ndi kuti amene amamulera ali ndi ufulu komanso udindo womukonzekeretsa moyo. Mawu amenewa makolo ophunzitsa ana pakhomo amawadziwa pamtima.

Zinthu zinatembenuka m'zaka za m'ma 1960. Mu 1962 khoti lomwelo linaletsa pemphero lolembedwa ndi boma limene ana a ku New York ankalakatula m'kalasi. Mu 1963 linaletsa kuwerenga Baibulo ngati mwambo wa mapemphero otsogozedwa ndi sukulu. Mu 1968 linathetsa lamulo la ku Arkansas loletsa kuphunzitsa za chisinthiko cha zamoyo. Ndi bwino kunena molondola apa, chifukwa nkhaniyi imakokomezedwa m'maulaliki: mwana sanaletsedwe kupemphera payekha, kapena kunyamula Baibulo lake. Chinaletsedwa ndi chakuti sukulu ya boma izitsogolera mapemphero, popeza m'kalasimo muli ana a Ayuda, Asilamu ndi osapembedza. Komabe kwa Aprotestanti ambiri zinali ngati alandidwa nyumba imene anamanga okha. Pa nthawi yomweyo m'sukulu munalowa maphunziro a za kugonana, ndipo mantha anakula.

Pali mbali ina ya mbiriyi imene siiyenera kubisidwa. Khoti litalamula mu 1954 kuti ana akuda ndi oyera aziphunzira pamodzi, kum'mwera kwa dzikolo kunamera sukulu zambiri zoyima pazokha, zina zili m'matchalitchi, zimene cholinga chake chenicheni chinali kuthawa ana akuda. Si sukulu yachikhristu iliyonse inayamba motero, ndipo si kholo lililonse lophunzitsa pakhomo lili ndi mtima umenewo. Koma kuchoka kwa Akhristu oyera m'sukulu za boma kunayenda ndi zifukwa ziwirizi mosakanikirana, ndipo wokonda choonadi ayenera kuzitchula zonse.

Mlandu umene unatsegula khomo unachokera kwa anthu odzichepetsa kwambiri, Aamish, alimi a chikhulupiriro cha Anabaptist amene amayendera ngolo za akavalo. Iwo amasiyitsa ana sukulu akamaliza giredi 8, pomwe lamulo la Wisconsin linkafuna kuti aphunzire mpaka zaka 16. Abambo atatu analipitsidwa madola 5 aliyense, koma anakana kugonja, ndipo mu 1972 khoti lalikulu linagamula pa mlandu wa Yoder kuti ufulu wawo wachipembedzo ukuposa lamulo la chigawo. Woweruza mmodzi, William O. Douglas, sanagwirizane ndi anzake pa mfundo imodzi. Iye anati: tamva makolo, tamva boma, nanga ana eni akewo akuti chiyani? Mwina wina mwa iwo akufuna kudzakhala woyenda mumlengalenga kapena woyimba piyano. Funso limenelo silinayankhidwe mokwanira mpaka lero, ndipo ndikuona kuti ndi pamene pagona nkhani yonse.

Kuchoka kusukulu kupita pathebulo la pakhomo

Mmodzi mwa amene anayamba kulimbikitsa poyera kuti ana aziphunzira pakhomo sanali mlaliki. Anali John Holt, mphunzitsi amene ankaona kuti sukulu imapha chidwi chachibadwa cha mwana ndi mantha a mayeso, ndipo mu 1977 anayambitsa magazini ya makolo otere. Omutsatira ambiri sanali achipembedzo. Uthengawu unafika kwa Akhristu kudzera mwa Raymond Moore ndi mkazi wake Dorothy, a mpingo wa Seventh-day Adventist, amene ankaphunzitsa kuti mwana asathamangitsidwe kukakhala pa desiki asanakwane zaka 8 kapena 10. James Dobson atawaitana pa pulogalamu yake ya pa wailesi ya Focus on the Family, imene inkamvedwa m'makomo miyandamiyanda, makolo achikhristu ambiri anamva koyamba kuti chinthu chotere n'chotheka.

M'zaka zoyambirira za m'ma 1980 sichinali chopepuka. M'zigawo zina lamulo linkafuna kuti wophunzitsa mwana akhale ndi satifiketi ya uphunzitsi, ndipo makolo ankatengeredwa kukhoti pa mlandu wojombetsa ana. Mabanja ena ankasunga ana m'nyumba mpaka nthawi yoweruka kusukulu itakwana, kuopa kuti aneba angawanenere. Mu 1983 maloya awiri, Michael Farris ndi Michael Smith, anayambitsa bungwe la Home School Legal Defense Association, lodziwika kuti HSLDA. Banja limalipira ndalama pachaka, ndipo akuluakulu a maphunziro akagogoda pakhomo, loya amakhala pa foni nthawi yomweyo. Anamenya nkhondo chigawo ndi chigawo, ndipo pofika 1993 kuphunzitsa ana pakhomo kunali kololedwa m'zigawo zonse 50. Chaka chomwecho khoti lalikulu la Michigan linagamula kuti makolo ophunzitsa ana pa zifukwa zachipembedzo sangakakamizidwe kukhala ndi satifiketi.

Mphamvu za gululi zinaonekera mu 1994. M'bilu ina ya zamaphunziro munalowa ndime imene HSLDA inaona kuti ikhoza kufuna satifiketi kwa makolo. Makolo anaimba mafoni ku nyumba ya malamulo ku Washington mpaka mizere inadzaza kwa masiku angapo, ndipo aphungu anachotsa ndimeyo ndi mavoti 424, wotsutsa mmodzi yekha. Kuyambira pamenepo andale anadziwa kuti awa si anthu owaputa. Koma kupambanaku kunali ndi mtengo wake. Magulu ambiri a makolo anayamba kufuna kuti wolowa asayine chikalata cha chikhulupiriro, ndipo otsatira Holt, Akatolika ndi ena anatsala kunja. Raymond Moore mwini wake, atakalamba, anadzudzula poyera atsogoleri atsopanowa kuti agawanitsa anthu amene anayamba ali amodzi.

Tsiku la banja lotere limaoneka motere. Akatha kadzutsa, mayi amachotsa mbale pathebulo lodyera, ndipo thebulo lomwelo limasanduka kalasi. Amayamba ndi kuwerenga chaputala cha Baibulo ndi kuloweza vesi. Wa zaka 12 amatenga buku la masamu n'kukhala kumapeto kwa thebulo, wa zaka 7 amakhala pafupi ndi mayi kuwerenga mokweza chala chili pa mzere, pomwe wakhanda akukwawa pansi. Pofika masana maphunziro a m'buku atha, chifukwa kuphunzitsa ana atatu sikutenga nthawi ngati kuphunzitsa 30. Madzulo ndi a ntchito zapakhomo, laibulale, nyimbo kapena masewera. Tsiku limodzi pamlungu mabanja angapo amakumana m'holo ya tchalitchi, kumene mayi amene anaphunzira unamwino amaphunzitsa ana onse za thupi la munthu, wina Chilatini, wina kujambula. Pafupifupi nthawi zonse amene amasenza katunduyu ndi mayi, ndipo nthawi zambiri amakhala atasiya ntchito yolipidwa. Banja limakhalira malipiro a munthu mmodzi, likulipirabe msonkho woyendetsera sukulu zimene ana ake sapitako.

Mabuku ake ndi bizinesi yaikulu. Abeka amachokera ku Pensacola Christian College ku Florida, BJU Press ku Bob Jones University ku South Carolina, ndipo Akatolika ali ndi Seton Home Study School ku Virginia. Pali dongosolo la Accelerated Christian Education, loyambitsidwa ku Texas mu 1970, limene lafika m'sukulu zina za mipingo muno mu Africa. M'menemo mwana amadzaza yekha timabuku ting'onoting'ono, n'kudzichongera yekha mayankho, n'kulemba mayeso asanapite pa kabuku kotsatira. Mabuku ambiri a sayansi a makampani amenewa amaphunzitsa kuti dziko linalengedwa m'masiku 6 enieni zaka masauzande ochepa zapitazo. Kwa makolo ena ichi ndiye chifukwa chachikulu chochotsera ana kusukulu. Akhristu ena, kuphatikizapo mpingo wa Katolika ndi Aprotestanti ambiri, saona kuti Genesis amafuna kuwerengedwa motero, ndipo ine ndimadandaula mwana wanzeru akakula osamva bwinobwino zimene asayansi amanena. Akadzazimva koyamba ku koleji, amakhoza kuganiza kuti zonse zimene makolo ake anamuuza zinali zabodza, ndi Yesu yemwe.

Ziwerengero za nthambi ya boma yowerengera za maphunziro zikusonyeza kuti mu 1999 ana ophunzira pakhomo analipo pafupifupi 850,000. Mu 2007 anafika 1.5 miliyoni, ndipo mu 2012 anali pafupifupi 1.8 miliyoni, kapena ana 3 mwa 100 alionse a msinkhu wa sukulu. Mu 2007, makolo 36 mwa 100 alionse ananena kuti chifukwa chawo chachikulu kuposa zonse chinali kupereka maphunziro a chipembedzo kapena makhalidwe. Pofika 2016, theka lokha la makolo ndilo linatchula chipembedzo ngati chimodzi mwa zifukwa zofunika, pomwe 80 mwa 100 alionse anatchula nkhawa ndi mmene sukulu zilili: chitetezo, mankhwala osokoneza bongo, ndi chikoka cha anzawo oipa.

Kodi zimathandiza?

Pa nkhani ya kukhoza m'kalasi, anthu amakonda kutchula kafukufuku wa Lawrence Rudner wa mu 1999, wa ana 20,760, amene anapeza kuti ophunzira pakhomo anakhoza bwino kwambiri kuposa ana ambiri a m'dzikolo. Zotsatirazo n'zoona, koma Rudner mwini wake anachenjeza kuti zisatengedwe ngati umboni woti pakhomo pamaposa sukulu. Anawo anachokera m'mabanja amene anadzipereka okha kulemba mayeso kudzera ku Bob Jones, pafupifupi onse a bambo ndi mayi okhala pamodzi, ophunzira bwino ndi opezako. Ana a m'mabanja otere amakhoza kulikonse kumene angaphunzire. Kafukufuku wina wamng'ono wa ku Canada mu 2011, wotsogozedwa ndi Sandra Martin-Chang, anayerekeza ana 37 a pakhomo ndi 37 a kusukulu ofanana nawo. Amene makolo awo ankatsata dongosolo la maphunziro anaposa a kusukulu, koma amene ankaphunzira popanda dongosolo anatsalira m'mbuyo. Tinganene motsimikiza kuti kholo lodzipereka likhoza kuphunzitsa mwana bwino zedi. Sitinganene kuti zimatero m'nyumba iliyonse, chifukwa ana amene zikuwavuta ndi omwe safika pa mayeso aliwonse.

Nanga pa chikhulupiriro, chimene chili cholinga chenicheni? Christian Smith, katswiri wa za chikhalidwe cha anthu amene anatsatira achinyamata a ku America kwa zaka zambiri, anapeza kuti chimene chimaumba kwambiri chikhulupiriro cha mwana ndi moyo wa makolo ake: ngati amapempheradi, ngati amalankhula za Mulungu m'nyumba, ngati pali chikondi pakati pawo ndi mwanayo. Izi zimalimbikitsa makolo ophunzitsa pakhomo pa mbali imodzi, popeza zikuvomereza kuti kholo ndiye mwini ntchito. Koma zikutanthauzanso kuti kholo la mwana wa kusukulu ya boma silinamangidwe manja. Ndipo palibe njira imene imatsimikizira kanthu. Gregg Harris anali mmodzi mwa aphunzitsi otchuka a gululi m'zaka za m'ma 1980, ndipo mwana wake Joshua Harris anakula kukhala m'busa ndi wolemba wodziwika pakati pa achinyamata achikhristu. Mu 2019 Joshua analengeza kuti salinso Mkhristu. Miyambo 22:6, yoti phunzitsa mwana poyamba njira yake, ndi mawu anzeru onena mmene zinthu zimayendera kawirikawiri. Makolo amene anawatenga ngati pangano losaphwanyika avulala mumtima kwambiri, ndipo ena adziimba mlandu umene si wawo.

Akhristu ambiri a ku America amatumizabe ana awo kusukulu za boma, ndipo nawonso ali ndi mavesi awo. Yesu anati otsatira ake ndi mchere wa dziko ndi kuunika kosayenera kuvundikiridwa. Mose anaphunzira nzeru zonse za Aigupto, monga akunenera Machitidwe 7:22. Danieli anaphunzira chinenero ndi mabuku a Ababulo kwa zaka zitatu, osataya Mulungu wake. Martin Luther mu 1524 analembera akuluakulu a mizinda ya ku Germany kuti amange sukulu, ponena kuti makolo ambiri alibe luso kapena nthawi yophunzitsa ana, ndipo mu 1530 analalikira kuti olamulira akhoza kukakamiza anthu kutumiza ana kusukulu. Ophunzitsa pakhomo amayankha kuti mwana wa zaka 6 si mmishonale, ndipo satumizidwa kunkhondo asanakhwime. Yankholo lili ndi nzeru. Koma mu 2004, anthu awiri atapempha msonkhano waukulu wa Southern Baptist, mpingo waukulu kwambiri wa Chiprotestanti m'dzikolo, kuti ulangize makolo onse kuchotsa ana m'sukulu za boma, msonkhanowo sunavomere. M'mipingo yawo munali aphunzitsi ambiri a sukulu zomwezo, komanso amayi olera okha ana amene sakanatha kusiya ntchito.

Ine ndikuona chonchi. Baibulo limaika udindo pa kholo momveka bwino, ndipo pamenepo ophunzitsa pakhomo akunena zoona zimene ambirife timaziiwala tikangolipira fizi ndi kugula yunifolomu. Ngakhale msonkhano wa Vatican wachiwiri mu 1965 unanena kuti makolo ndiwo aphunzitsi oyamba ndi aakulu a ana awo. Koma Baibulo silinena kuti masamu aphunzitsidwe m'chipinda chiti. Kuphunzitsa pakhomo ndi njira imodzi yabwino yokwaniritsira udindowo, ndipo amene amaisandutsa lamulo la Mulungu akusenzetsa abale awo katundu amene Malemba sanawasenzetse.

Pamene palibe wina woona mwanayo

Mbali yopweteka kwambiri ndi iyi. Malamulo amasiyana kutalitali pakati pa zigawo. Ku New York kholo limapereka dongosolo la chaka, malipoti kanayi pachaka, ndi zotsatira za kuyesedwa kwa mwana. Ku Texas ndi ku Idaho kholo silifunika ngakhale kudziwitsa boma kuti likuphunzitsa mwana pakhomo. Ku Virginia banja likapatsidwa chilolezo pa zifukwa zachipembedzo, palibenso amene amafunsa ngati mwanayo akudziwa kuwerenga. Kwa makolo abwino ufulu umenewu ndi mpumulo. Kwa kholo lankhanza ndi chophimba. Mu 2018 ku Perris, California, apolisi anapeza abale 13 m'nyumba imodzi, ena omangidwa maunyolo pabedi, owonda ndi njala. Bambo wawo anali atalembetsa nyumbayo ngati sukulu yoyima payokha, ndipo palibe wa boma anapitako kukaona. Anawapulumutsa ndi mtsikana wa zaka 17 amene anathawira pawindo n'kuimba foni.

Nkhani zotere si chithunzi cha mabanja ambiri, ndipo nkhanza zimachitikanso kwa ana a kusukulu, nthawi zina kusukulu komweko. Kusiyana kwake n'kwakuti mwana wa kusukulu amaonedwa ndi mphunzitsi tsiku lililonse, ndipo ku America aphunzitsi ali m'gulu la anthu amene amanena kwambiri kwa akuluakulu akaona zipsera. Mu 2013 achinyamata amene anakulira m'maphunziro apakhomo anayambitsa bungwe la Coalition for Responsible Home Education. Sakufuna kuti njirayi ithetsedwe. Akupempha zinthu zochepa: boma lidziwe kuti mwanayo alipo, wina wa kunja amuone kamodzi pachaka, ndipo kholo limene linapezekapo ndi mlandu wozunza ana lisaloledwe kutsekera mwana m'nyumba. HSLDA yakhala ikutsutsa malamulo otere pafupifupi kulikonse, poopa kuti boma likalowetsa chala lidzalowetsa mkono wonse.

Mantha amenewo ndikuwamvetsa, poona kumene anachokera. Koma sindikuona kuti akugwirizana ndi chiphunzitso chimene makolowa amakhulupirira. Mkhristu amavomereza kuti munthu aliyense ndi wochimwa, ndipo n'chifukwa chake safuna kuti boma likhale ndi mphamvu zonse pa mwana. Kodi uchimowo umathera pakhomo la nyumba? Salimo 127 likamati ana ndi cholowa cha Yehova, likuchotsa umwini kwa boma, koma likuuchotsanso kwa kholo. Kholo ndi kapitawo wosungira mwini wake, ndipo kapitawo wokhulupirika saopa kuonetsa ntchito yake. Makolo athu ankati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo m'mudzi mwana sankasowa azakhali, amalume kapena agogo omuona. M'nyumba ya ku America yotalikirana ndi abale, ngati sukulu yachotsedwapo, pakufunika maso ena olowa m'malo mwake, a mpingo kapena a boma.

Mayiko ena anasankha mosiyana. Ku Germany kuphunzitsa ana pakhomo n'koletsedwa, ndipo boma limati ana a zikhulupiriro zosiyana ayenera kukulira pamodzi kuti pasamere magulu odzipatula. Khoti la ku Europe loona za ufulu wa anthu linavomereza maganizo amenewa mu 2006. Banja la Romeike, litalipitsidwa ndalama zambiri ndi kuona apolisi akutengera ana awo kusukulu, linasamukira ku Tennessee mu 2008. Woweruza anawapatsa malo ngati othawa kwawo mu 2010, chigamulocho chinasinthidwa pa apilo, ndipo mu 2014 boma la America linangowalola kukhala popanda kuwapatsa ufulu wokhazikika. Ku England lamulo la 1996 limafuna kuti kholo lionetsetse kuti mwana akulandira maphunziro oyenera, kusukulu kapena mwa njira ina. Ku South Africa, kumene kuli abale athu ambiri, lamulo la sukulu la 1996 ndilo linavomereza maphunziro apakhomo, malinga mwanayo alembetsedwe ku nthambi ya maphunziro ya chigawo, ndipo lamulo losintha malamulo a zamaphunziro, lotchedwa BELA, limene linasayinidwa mu September 2024 lakhwimitsa chilango kwa kholo losaphunzitsa mwana mpaka miyezi 12 ya ndende.

Ku America komweko nkhope ya gululi yasintha chibwerere mliri wa Covid-19. Bungwe lowerengera anthu linapeza kuti mwa mabanja okhala ndi ana a sukulu, ophunzitsa pakhomo anachoka pa 5.4 peresenti chakumayambiriro kwa mliri mu 2020 kufika pa 11.1 peresenti miyezi ingapo pambuyo pake, ndipo pakati pa mabanja a anthu akuda anachoka pa 3.3 kufika pa 16.1 peresenti. Ena anabwerera kusukulu mliri utatha, koma ambiri anatsala. Atsopanowa amatchula mfuti m'sukulu, kuvutitsidwa kwa ana ndi anzawo, tsankho, kapena mwana wolumala amene sukulu inalephera kumusamalira. Akhristu amene anatsegula njirayi m'makhoti akuyenda tsopano ndi anthu ambiri amene sanabwere chifukwa cha Deuteronomo.

Pabweranso yesero limene makolo a m'ma 1980 sanalilote. Kuyambira 2022 chigawo cha Arizona chimapereka kwa banja lililonse lofuna, ndalama pafupifupi madola 7,000 pa mwana pachaka kuti ligulire mabuku ndi kulipira aphunzitsi kunja kwa sukulu za boma, ndipo zigawo zina zatsatira. Kwa banja lokhalira malipiro a munthu mmodzi, ndalama imeneyi si yochepa. HSLDA ikulangiza makolo kuti asailandire, ponena kuti ndalama ya boma imabwera ndi malamulo a boma, ndipo ufulu umene anaumenyera nkhondo zaka 40 ukhoza kugulitsidwa motero. Mabanja ambiri achikhristu akuilandirabe, ndipo m'magulu amene amakumana m'maholo a matchalitchi muja, ena ayamba kukana kulandira ana amene makolo awo amalipira ndi ndalama imeneyi.